Sewero lanu la masana alichotsa, Azakhali

Azakhali, ndili m'basi yochokera ku Jebel Ali, kuno kwa Aluya, mutu waima. Mnzanga wangondiuza kuti sewero lachihindi munkalikonda masana lija analichotsa pa TV, ati oonera anachepa. Osalimaliza n'komwe! Chaka chimodzi chokha chitisiyireni, basi khalas, zatha?

Ndakumbuka tsiku lija ndinkathamangira ku intaviyu, inu muli kuntchito ku Al Furjan. Munaimba foni: "Iwe, usazimitse TV potuluka. Amawerenga oonera, tikachepa alichotsa." Ndinati, "Azakhali, sawerenga choncho, mundichedwetsa!" Inu: "Zadigirizo ukanene ku intaviyu konko. Isiye yoyatsa." Ndinaisiya ikulankhula yokha m'chipinda. Mtsikana wam'seweromo, amene munkamupempherera kuti abwerere kwa mayi ake, watsala panjira. Ndikusowa womuuza. Pumulani bwino, Azakhali anga.