Kachitini ka Mchombo

A Nelesi sankakhulupirira chinthu chimene sanachigwire ndi manja awo. Ukawapatsa moni, ankayamba aganiza kaye chimene ukufuna kwa iwo. Mazira a nkhuku zawo ankawalemba ndi khala, mchere ankaubisa kudenga, ndipo mlendo akachoka ankasesa pamene anakhala kuti aone ngati wasiyapo kanthu. Kumudzi kwawo, kuseri kwa Chipata, anthu ankawaseka, koma chamumtima, poti aliyense ankadziwa kumene mtima wotere unachokera. Anabereka ana atatu ndipo onse anawaika m'manda asanayambe n'kukwawa komwe. Mwamuna anapita kumigodi osatumizako ngakhale kalata. Amene anawatsalira anali mlongo wawo Tenson, chitsiriza m'banjamo, yemwe anamulera okha mayi awo atamwalira.

Tensonyo anapita ku Chongwe kukagwira ntchito pafamu, akuti zaka ziwiri zokha. Zinakwana zisanu ndi zinayi. Kumeneko anakwatira Lister, mwana wa mtundu wa Asoli wa kufupi ndi Chalimbana, apongozi ake n'kumudulira munda. A Nelesi anatsala okha pamudzi wa bambo awo, akusamala nyumba zitatu ndi khola lopanda ng'ombe, poti ziwiri zomaliza zinapita ku malowolo a Lister. Chaka ndi chaka ankafolera nyumba ya Tenson, mbewa n'kumagonamo mwaulere.

Pabanja pawo panali mwambo umodzi umene sunaphonyedwepo. Mwana akabadwa, mchombo wake ukauma n'kugwa, ankaukwirira pachipata cha kholalo. Wa bambo awo unali pamenepo, wawo, wa Tenson, ndi ya tiana tawo titatu tija. Choncho kalata itafika m'chaka cha 1984 yonena kuti Lister watopa ndi pakati, a Nelesi anatsuka kachitini ka fodya ka malemu bambo awo, anaikamo thonje, n'kukamanga pansonga ya chitenje ndi mfundo zitatu. Maganizo awo anali olunjika. Mchombo ukakalowa pakhola, mwanayo ndi wa kwawo, ndipo bambo ake tsiku lina adzamutsatira.

Pa mlatho wa Luangwa asilikali anatsitsa anthu onse m'basi, monga zinkakhalira masiku amenewo, kuti aone zitupa ndi katundu. Msilikali wina wa mpata kumano anavutika ndi mfundo zija mpaka anatsekula kachitiniko.

“Amai, kachitini kalibe kanthu mwakamanga so?”

“Pobwela muzaona,” anayankha a Nelesi, n'kumulanda.

Anafika mwana atabadwa kale masiku awiri, wamwamuna, wa tsitsi lambiri. M'chikuta, m'nyumba imene mayi ndi khanda amabindikiramo mpaka mchombo utagwa, anapezamo Lister, mayi ake a Eneless, ndi mng'ono wa a Eneless dzina lake Virginia. Amuna sankaloledwa kupondamo. Tenson ankangozungulira panja, kutunga madzi, kulandira mbale pakhomo.

Anthu aja anawalandira bwino mopitirira. Anawaphera nkhuku. Anawapatsa sopo wathunthu, nthawi imene anthu ankaima pamzere tsiku lonse ku Lusaka n'kubwerako chimanjamanja. A Nelesi anamununkhiza sopoyo, anamutembenuza, n'kumuika pansi pa chikwama osamugwiritsa ntchito. Ulemu wochuluka chonchi pali chimene akufuna, anatero mumtima. Chinkawawawa kwambiri chinali Chisoli. Azimayiwo akayamba kuyankhula chilankhulo chawo n'kuseka, iwo sankatolapo ngakhale liwu limodzi, ndiye kuseka kulikonse ankakutenga kuti n'kwa iwo. Anali atamvanso kuti kuno mwana amamuwerengera kuchikazi, ndipo zimenezi sizinkawachoka m'mutu.

Anakhala pamphasa pambali pa khandalo ngati mlonda. Akamusambitsa, maso awo anali pamimba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mchombo unali utauma, wakuda, utangotsala pang'onong'ono. M'mawa mwake anapirira mpaka dzuwa linakwera, koma thupi lili ndi zofuna zake. Anathamangira kuseri, ndipo sanachedweko. Pobwera anapeza pamimba pa mwana pali mbee.

“Wagwa, alamu,” anatero Lister, maso ali pansi.

“Uli kuti?”

Lister anayang'ana mayi ake. A Eneless anakonza mpango wawo kumutu nati, “Wasungika bwino, asewele. Musavutike mtima.”

Musavutike mtima! A Nelesi anakutumula mphasa, anapeta zinyalala za m'nyumba m'lichero, anafufuza phulusa ndi zala. Tambala wina amene anamuona akutuluka pakhomo anamugwira n'kumudula khosi osapempha mwini wake, ati alendo amadya nkhuku kawiri. M'chithokomiro chake anapezamo chimanga ndi kachikumbu. Madzulo anatsatira Virginia chapatali mpaka kudimba, anabisala m'nthochi, namuona akukumba pansi mwachangu. Atachoka, iwo anakafukula ndi manja. Munali mbatata zimene mayiyo anakwirira kuti mbuzi zisadye.

Masiku atatu sanadye chophika a Eneless. Ankangokazinga chimanga chawo cha m'chikwama. Mantha awo anali enieni, ndipo si oseketsa. Ankaona mchombo uja uli m'nyanga ya sing'anga, kapena utakwiriridwa pamanda a Asoli kuti mwana asadzadziwe njira ya kwa bambo ake. A Nelesi anamuuza Tenson kawiri konse kuti atsegule maso, akazi awa amudyera mwana. Iye ankangoti, “Nizakamba naimwe, asisi,” n'kunyamula khasu.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta abale a Lister anadzaza bwalo. Panali amalume ake, azisuweni ochokera ku Kasisi, ngakhale tcheyamani wa chipani wa m'deralo, amene sankaphonya paliponse pofuka utsi. A Eneless anakhala pamphasa, mwana ali pamiyendo, akumumeta tsitsi loyamba ndi lezala latsopano. Apa m'pamene a Nelesi anaimirira.

“Imwe asewele, pamaso pa anthu onse aba, nipaseni mchombo wa mwana wathu. Ng'ombe zibili munalandila. Manje mufuna na mwana futi? Munaupeleka kwa ndani?”

A Eneless anaika lezala pansi kuti angacheke mwana. Lister anayamba kulira.

Tenson anadzuka pakati pa amuna. “Asisi, tiyeni kuno.”

Anawatengera kuseri kwa nyumba. Pamenepo panali kamtengo ka mango kongobzala kumene, kotchingidwa ndi minga, dothi lake lili lonyowa. A Nelesi anali atakadutsa kangapo masiku atatuwo. Dzulo lake anathirapo okha madzi otsukira matewera.

“Uli pansi apa,” anatero Tenson. “Ninakumba ndine.”

“Iwe? Mwamuna agwila mchombo?”

“Ninamupempha Lister. Anaumanga pakansalu, anauika pansi pa mbale zotuluka. Apongozi anakana, anati yembekezani asisi anu, ndiye atate aakazi a mwana. Ine sininamvele. Banakhala chete kuti ine na imwe tisayambane.”

A Nelesi anayang'ana kamtengo kaja, masamba ake anayi ofiirira.

“Nanga pakhola pa atate?”

“Sinizabwelela, asisi. Munda wanga uli kuno, mwana wanga azakulila kuno. Zaka zonse izi nenze kuopa kukuuzani. Nyumba ija lekani kufolela.”

A Nelesi anakhala pansi pafumbi. Anakayikira apongozi, anakayikira Virginia, anapha tambala wosalakwa, koma munthu amene anamubereka kumsana kwawo sanamuganizireko ngakhale kamodzi. Zinawapweteka kuposa tsiku limene mwamuna wawo anakwera basi ya kumigodi. Analira mosabisa, ndipo Tenson anangoima potero, manja ali kumbuyo.

Kupepesa sanakuzolowere, moti mawu ake anawasowa. Anabwerera pabwalo, anagwada patsogolo pa a Eneless anthu onse akuona, naomba m'manja katatu. A Eneless anawagwira dzanja n'kuwapatsa mwana kuti amunyamule. Madzulo a tsikulo a Nelesi anadya, ndipo anasamba ndi sopo uja.

Anakhalako masiku awiri ena basi. Tenson anawachonderera kuti asamukire konkuno, awamangira nyumba. Iwo anakana. Manda a ana awo angatsale ndi yani? Powaperekeza kumsewu waukulu, a Eneless anatsalira nawo m'mbuyo pang'ono.

“Asewele, nibwelekeniko kachitini kanu.”

Dzanja la a Nelesi linathamangira pamfundo lokha, mwachizolowezi. Kenaka anamasula. A Eneless anatulutsa kapepala pachifuwa, nakhuthulira m'kachitinimo tsitsi lija anameta mwana, lofewa, lakuda bii.

“Ili ninasunga ine. Mukaike pamene muika ba kwanu.”

Tisanamizane, basi itangonyamuka a Nelesi anatsekula kachitiniko n'kuliyang'anitsitsa tsitsilo padzuwa, kuti aone ngati silinali la mbuzi. Linali la mwana. Linkanunkhirabe mafuta amene ankamudzoza.

Pa mlatho wa Luangwa anawatsitsanso, ndipo msilikali wa mpata kumano uja anawazindikira.

“Amai ba kachitini! Munati pobwela nizaona.”

Anatsekula, anasuzumira, nkhope n'kusintha. Anakatalikitsa pang'ono ndi thupi lake.

“Ni mankhwala aya?”

“Ni mwana wa mlongo wanga,” anatero a Nelesi. “Nipita naye kwathu. Tseka bwino, mwanawe, mphepo ingamuuluse. Kulibe wina azabwela.”