Mfuko ndi Mbande ya Ndimu

Kumunda wa kafukufuku anzake amamutcha Mfuko, poti ntchito yake ndi ya pansi pa nthaka. Ena amasirira masamba ndi ngala, iye ayi. Amakumba mozungulira phata la chimanga kapena nyemba, kulitukula ndi dothi lake, kutsuka mizu m'ndowa mofatsa ngati akusambitsa khanda, n'kuiyala pathabwa. Akatero amayeza kutalika kwake, n'kuona ngati yalowa pansi kufuna chinyezi kapena yangoyenda pamwamba mwaulesi. Akatswiri opanga mbewu zatsopano amadalira miyeso imeneyo posankha mtundu wopirira chilala.

Vuto ndi lakuti ntchitoyo inamulowa m'magazi. Akaona chomera chobiriwira, manja amamuyabwa mpaka aone zapansi. Ndipo kuseri kwa nyumba yake kunali kadimba ka mkazi wake, ka tomato ndi tsabola.

Mayiwo akapita kumsika, Mfuko ankazula chomera chimodzi, kusuzumira mizu, kubwezera m'dzenje n'kupondapo ndi chidendene. Mawa lake chomeracho lende, chafota. Atagwidwa koyamba analumbira pali malemu bambo ake kuti sadzayambiranso. Koma chizolowezi n'chizolowezi: sabata isanathe tsabola anafotanso. Ulendo uno mlandu anausenzetsa galu.

Galuyo anali wokalamba, mnzake wapamtima amene ankamuperekeza kuntchito m'mawa uliwonse. Mayiwo anammanga pamtengo woyanikira zovala.

"Galu wofukula dimba sindingamsunge, bambo. Achimwene akubwera Loweruka kudzamtenga."

Mfuko mtima unamuwawa zedi. Koma kuulula kunali kuvomera kuti analumbira zabodza, ndiye anangoti kukamwa tseke. Podutsa pamtengo paja ankayang'ana kumbali, galu akumugwedezera mchira.

Mkati mwa sabatayo mayiwo anabwera ndi mbande ya ndimu, masamba ake owala ngati apakidwa mafuta. Anaibzala pakati pa dimba, kuithirira, n'kupita kokacheza kwa anzawo. Mfuko anaizungulira, manja ali kumbuyo. Analowa m'nyumba, anatulukanso. Anadziuza kuti angofukula pang'ono m'mbali, kungosuzumira basi. Atangoigwira, mbande yonse inatsomphoka. Muzu panalibe, ngakhale kakang'ono ngati tsitsi! Anaibwezera msangamsanga, atapsa mtima.

Pachakudya chamadzulo anayesetsa kudzigwira. Koma munthu amene wakalambira pa mizu angameze bwanji chinyengo chotere?

"Mayi, amene wakugulitsani ndimu ija ndi mbava! Mundisonyeze. Ndi nthambi yodula chabe, ilibe muzu ndi umodzi womwe!"

Mayiwo anapitiriza kutafuna, osafulumira. Anamwa madzi, anapukuta pakamwa.

"Ndinaidula ndekha, bambo. Koma inu mwadziwa bwanji? Galu ali pachingwe."

Mfuko anadzuka mwakachetechete n'kukamasula mnzake uja.

Loweruka mlamu wake anafikadi panjinga, atamangirira dengu lalikulu kumbuyo. Anapereka moni, n'kufunsa za chilombo chimene chatha dimba la mlongo wake.

"Galuyo msiyeni, achimwene, alibe mlandu," anatero mayiwo, akuloza mwamuna wawo. "Koma ngati m'dengumo angakwanemo, tengani awa."