Sitima Yathu Inalibe Thanga

Ndikukumbukira chaka chathu choyamba ku Hull, ku England, nyumba ikununkha chinyontho, ine ndili ndi zaka khumi. Amayi anali namwino pachipatala, ndipo ndiwo anatibweretsa kuno. Abambo anangotsatira. Ku Ndirande ankatchuka ndi ntchito yokhoma zidebe ndi mbaula, koma kuno ankangonyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu. Akaweruka ankakhala pampando jekete ili m'thupi, manja ali pamaondo. Ndinkamva amayi akuwanyengerera kuti apirire, iwo n'kumati abwerera kwathu. Ine ndinkaopa zimenezo kuposa china chilichonse.

Tsiku lina kusukulu anatiuza kuti aliyense apange sitima yapamadzi yamakedzana, yoyendera nthunzi. Anzanga onse anadziwa kuti ndi nkhani ya makatoni ndi guluu. Kwathu uthengawo unamveka mwina. Abambo atangoumva, n'kuona buku la sitima lili m'manja mwanga, anavula jekete.

"Ya katoni? Sitima yanji yoopa madzi? Bwera nalo kuno bukulo."

Tinawerenga limodzi buku limene ndinabwereka kulaibulale, ine ndikumasulira. Sitima zoyamba zinali zamatabwa, zokhala ndi magudumu aakulu m'mbali opalasira madzi. Zinkakhalanso ndi matanga oyendera mphepo, chifukwa nthawi zina malasha ankatha ulendo uli pakati, ndipo injini anthu sankaikhulupirira kwenikweni. Kenako kunabwera zachitsulo, zazitali ngati nyumba zosanja, olemera akudya pamwamba, amuna othira malasha akuwauka ndi moto pansi. Abambo anachiyang'ana nthawi yaitali chithunzi cha amuna amenewo. Ine maso anali pa sitima ina ya machumuni anayi, ngakhale buku linanena kuti chumuni imodzi inali yongokongoletsa. Abambo ankafuna kuti yathu tiikepo thanga. Ndinakana kwamtuwagalu: sitima ya mabwana ikhala bwanji ndi chinsanza pamwamba? Anangopukusa mutu n'kundisiya.

Masiku otsatirawo kuseri kwa nyumba yathu kunasanduka Ndirande. Zitini za mafuta ophikira anazidula ndi sizasi ya amayi n'kumazikhoma pasitepe, mpaka mayi woyandikana nafe anasuzumira pampanda. M'kati anaikamo kachitini kophwatalala ka madzi, timapaipi tiwiri totulukira kumbuyo, ndi kachidutswa ka kandulo pansi pake. Ankaimba mluzu. Amayi anadandaula za sizasi yawo, koma ndinawaona akumwetulira uku akutsuka mbale. Mumtima ndinati basi, munthuyu sapitanso.

Tsiku lachionetsero abambo anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti abwere. Anavala suti yakutchalitchi, machesi ali m'thumba. Aphunzitsi anaiyamikira sitimayo, koma atakhudza m'mphepete mwake ndi chala n'kuona kandulo, nkhope inasintha. Anati chitsulo chakuthwa ndi moto siziloledwa pafupi ndi ana, ndipo anaiika pamwamba pa kabati. Sanalakwe, komanso anayankhula mwaulemu. Abambo anapepesa mobwerezabwereza, chipewa chili m'manja, ngati munthu wogwidwa akuba. Zinandipweteka kwambiri.

Potuluka anaitenga sitimayo, ndipo sitinalowere kunyumba. Tinapita kupaki ina kumene kuli dziwe la abakha. Mvula inkawaza, machesi akungozima, koma pamapeto pake kandulo inayaka. Tinadikira. Kenako tho! tho! tho! sitima inanyamuka yokha, ikusiya kamzere pamadzi, abakha akuthawa. Abambo anaseka mokweza, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chifikireni kuno. Itafika pakati penipeni, kandulo inazima. Sitima inangoti duu.

"Waona? Thanga lija," anatero, koma osakalipa.

Anavula nsapato n'kupinda thalauza, monga akanachitira pamtsinje uliwonse kwathu. Phazi limodzi litangolowa m'madzi, bambo wina wosamalira pakiyo anakuwa kuti n'zoletsedwa. Abambo anaima choncho kanthawi, mwendo umodzi uli m'madzi ozizira. Kenako anatuluka n'kupukuta phazi ndi kampango ka m'thumba la suti.

"Tiye, mwanangu. Kuno chilichonse mpaka upemphe kaye. Ine ndatopa."

Nyengo yozizira isanabwerenso anali atabwerera ku Malawi. Mpaka lero tikamayankhula pafoni ndimamva nyundo ikulira kumbuyo kwawo.

Tsopano ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo basi imene ndimakwera imadutsa pafupi ndi paki ija. Sindisuzumira, nthawi zambiri ndimakhala ndikuodzera. Mwana wanga atapatsidwa ntchito yomwe ija yopanga sitima kusukulu, sitima yake anaijambula pa tabuleti, kakompyuta kam'manja kaja, yosalala, yosacheka munthu, ndipo aphunzitsi anamuyamikira. Ndikaweruka, nanenso ndimangodziponya pampando jekete ili m'thupi. Dzana mwanayo anaima patsogolo panga n'kundifunsa m'Chingerezi ngati nanenso ndidzamusiye monga anachitira agogo ake. Ndinamuuza kuti ayi. Anangondiyang'ana, osachoka. Ndinadzuka n'kuvula jekete ija kuti akhulupirire.