Mutu wa Alamu ndi Dzanja Lamanzere

M'chaka cha 2009 mumsewu wathu munali ometa tsitsi anayi, koma wometa ndi sizasi anali mmodzi yekha, ndipo tonse tinkawatchula kuti a Sizasi. Iwo ankanyoza makina ometera poyera. Ankati makina amadutsa pamutu ngati akutchetcha kapinga, pamene sizasi imayamba yaufunsa mutuwo maganizo ake.

Chaka chomwecho, pachala chawo chachikulu cha dzanja lamanja panatuluka kachotupa kolimba, kosapweteka. Iwo anati n'chizindikiro cha ukatswiri, ndipo ankakaonetsa kwa makasitomala ngati mendulo. Katasanduka chilonda chosapola, akazi awo anawakokera kuchipatala. Madokotala anapima n'kupeza khansa yosowa yotchedwa epithelioid sarcoma, imene imakwera mkono mwakachetechete munthu akazengereza. Dzanjalo linayenera kudulidwa msanga.

A Sizasi sanakane. Anangopempha kuti ayambe aphunzira kumeta ndi dzanja lamanzere, poti sankafuna kudzabwerera kushopu ali mlendo pantchito yawo. Vuto linali lakuti palibe kasitomala amene ankafuna kuti mutu wake ukhale sukulu. Mpando unachita fumbi, tsiku la opaleshoni n'kumangosunthidwa, mpaka chilonda chachiwiri chinatuluka chakumtunda kwa choyambacho.

Apa m'pamene analowererapo alamu awo, aphunzitsi a kwaya, bambo amene ankasamala tsitsi lawo kuposa mmene ena amasamalira ana.

"Alamu, mutu ndi uwu," anatero akukhala pampando. "Koma mukamaliza, mawa mukagone kuchipatala."

"Mukudziwa kuti dzanja ili silinagwirepo ngakhale supuni?"

"Ndikudziwa. Makutu okha mundisiyire, ndimamvera nawo kwaya."

Amene anaonerera amanena kuti mutuwo unatuluka ndi mapiri, zigwa ndi kanjira kopita kukhutu. A Sizasi anauyang'ana pagalasi kwa nthawi yaitali.

"Mbali iyi yakhala bwino ndithu," anatero.

"Mbali imeneyo simunafikeko, alamu."

A Sizasi anaseka mpaka misozi, kenako anapukuta sizasi, n'kuuza akazi awo kuti alongedze chikwama.

Dzanja linadulidwa pa 3 Novembala. Shopu inatsegulidwanso mu Marichi 2010, akazi awo atagwira chipeso, iwo sizasi kumanzere. Aphunzitsi anaimbitsa kwaya atavala chipewa mpaka tsitsi litamera, ndipo anapitiriza kumetedwa pampando womwewo mpaka 2016, chaka chimene matendawo anabwerera m'mapapo n'kuwatenga a Sizasi.