Malume Ofufuta Mayina

Malume anga anakalamba akufufuta mayina a anthu. Si nthabwala ayi, imeneyo inali ntchito yawo yeniyeni, m'kaofesi ka pansi pa masitepe ku yunivesite, mmene munkakonzedwa magazini ya akatswiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu. Magaziniyo inkatuluka kawiri pachaka, ndipo ndikukayika ngati panali wina amene ankaiwerenga kupatula amene analembamo.

Katswiri akatumiza nkhani yake, inkayamba yafika pa desiki ya malume. Iwo ankachotsa dzina la mlembi, la sukulu yake, ngakhale mawu othokoza mkazi wake, kenako n'kuitumiza kwa akatswiri ena awiri kuti aiunike osadziwa mwini wake. Ounikawo akabweza ndemanga zawo, zomwe kawirikawiri zinkakhala zolasa mtima, malume ankafufutanso mayina awo, kuti anthu ophunzira azitha kunyozana mwamtendere n'kumapatsanabe moni pamisonkhano. Nkhani ikavomerezedwa ndi komiti ya akonzi pankatsala ntchito ina. Anthu onse amene katswiriyo anacheza nawo pofufuza, kaya ogulitsa pamsika kaya oyendetsa mabasi, ankayenera kubisidwa kuopa kuti angavutike nazo. Lamulo limeneli malume ankalisunga kuposa malangizo a dokotala pa matenda awo a shuga.

Komatu mumtima ankalakalaka chinthu chimodzi: kuona dzina lawo litasindikizidwa m'magaziniyo, ngakhale kamodzi kokha, asanapume pa ntchito. Patsamba lachiwiri pankalembedwa mkonzi wamkulu, achiwiri ake, ndi alangizi a kumayiko akutali, ena a iwo oti anamwalira kalekale koma akulangizabe. Malume panalibe. Akazi awo, omwe ine ndimawatcha anti, akafunsidwa ndi anzawo kuti amuna anu amatani ku yunivesite, ankangoyankha kuti amakhala pansi pa masitepe. Malume zinkawawawa koma osanena. Ine zinkandipsetsa mtima ndipo ndinkanena.

Kutatsala pang'ono kuti apume, mkonzi wamkulu, mayi pulofesa wa tsitsi la imvi, anawerama n'kulowa m'kaofesi kaja. Anati walemba nkhani yathunthu yonena za iwo, ndipo ituluka m'magazini yotsatira. Tsiku limenelo malume anabwerera kunyumba akuyenda ngati mnyamata. Anauza aliyense, mpaka wometa tsitsi.

Nkhaniyo inali yabwino ndithu. Munali ketulo yawo yomangidwa chogwirira ndi waya, munali mmene ankanyambitira chala potembenuza pepala, munalinso mmene ankatonthozera pafoni alembi amene nkhani zawo zakanidwa. Vuto linali lakuti pulofesa ndi pulofesa. Sanalembe mawu otsanzika wamba, analemba ngati kafukufuku wa moyo wa antchito osaoneka, choncho nkhaniyo inayenera kudutsa njira ya nkhani zonse. Malume anachotsa dzina la pulofesa n'kuitumiza kwa ounika. Onse awiri anaiyamikira, koma mmodzi anafunsa kuti bwanji munthu wofufuzidwayo akutchulidwa dzina poyera, lamulo la magazini lilipo. Komiti inakhala pansi, inamwa tiyi, n'kugwirizana kuti wounikayo sakunama.

Pulofesa anaweramanso pakhomo paja.

"Pepani bambo, lamulo ndi lathu lomwe. Chochita mukuchidziwa kale."

Apa m'pamene ine ndinalowererapo. Nkhani ikachoka pa desiki ya malume inkapita kosindikiza, panalibenso wina woiyang'ana. Ndinawauza kuti alisiye dzinalo, anamizire kuiwala.

"Malume, akuchotsani ntchito iti poti mukupuma kale?"

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti abe mbale ya chopereka. Anati chiyambireni ntchito palibe dzina linawapulumuka, ndipo sangayambe ndi limeneli. Ndinawanena kuti ndi ouma mutu, iwo anavomera. M'mawa mwake anakhala pa desiki n'kudzifufuta tsamba ndi tsamba, ndipo paliponse pamene panali dzina lawo anaikapo mawu akuti mkulu wina wa mu ofesi.

Magazini itatuluka anabwera nayo kunyumba itakulungidwa m'jumbo. Ine ndinali pomwepo. Anti anavala magalasi, nakhala patebulo n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, mawu akuluakulu akungowalumpha. Atafika pa ketulo ya waya anakweza maso.

"Bambo a kwathu, mkulu wina ameneyu si inu?"

Malume anavomera ndi mutu, nayamba kufotokoza za komiti ndi lamulo. Anti sanadikire kuti amalize. Anatenga bolopeni pamwamba pa wailesi, nabwerera poyambira nkhani. Paliponse pamene panalembedwa mkulu wina wa mu ofesi ankadulapo mzere n'kulemba pamwamba pake dzina la amuna awo, lonse lathunthu, ndi zilembo zikuluzikulu zopendama.

Ndinkadikira mkangano. Malume anali munthu woti sankalola ngakhale kupinda ngodya ya tsamba la magaziniyo. Anaimirira, nakaima kumbuyo kwa akazi awo, akuyang'ana bolopeni ikuyenda mpaka kumapeto kwa nkhani. Anti atatseka magazini, malume anaitsegulanso, ananyambita chala n'kubwerera mmbuyo, naloza mzere wina wa mmunsi.

"Apa mwalumphapo," anatero.