Khanda la m'Chikuta ndi Chimkuzamawu cha a Margret

A Margret a kwa Khwethemule nyanja yamchere sanaionepo, ngakhale makolo awo anachokera ku Mozambique komwe ili. Moyo wawo wonse wathera m'mizere ya tiyi, dengu kumsana, zala zitada ndi utomoni wa masamba. Koma chichitikireni namondwe Freddy, amene matope ake anakwirira amuna awo a Benard akumasula mbuzi m'khola, nyanjayo amaiganizira tsiku ndi tsiku.

Anawasankha kulowa komiti yoona za ngozi m'mudzi chifukwa foni yawo siimazima. Kumaphunziro, mlangizi anafotokoza kuti pali zida zoyandama panyanja zoyeza kutentha kwa madzi, zina zili kumwamba kuseri kwa mitambo kuyang'ana mphepo ikayamba kuzungulira, ndipo anthu a maiko ambiri amatumizirana zimene aona mpaka uthenga ufike kwa a zanyengo ku Blantyre. A Margret anamvetsa. Anaonanso kuti mtunda wotsiriza wa uthengawo, kuchoka pafoni kufika pakhomo pa munthu, udzayendedwa ndi miyendo yawo. Anawapatsa chimkuzamawu ndi malaya achikasu. Za malipiro palibe anatchula, chonsecho tsiku lochenjeza anthu ndi tsiku losathyola tiyi.

Chaka chatha anasamutsira mudzi wonse kusukulu, namondwe n'kukhotera kwina. Kuyambira pamenepo anthu amawatcha a Zanyengo, ndipo pamjigo amawafunsa moseka ngati lero munthu angayanike ufa.

Uthenga wa chaka chino unawapeza m'munda chakumasana, dzuwa likuswa mtengo, masamba a bulugamu osagwedera n'komwe. Unati namondwe wafika kale kumtunda ku Mozambique, ndipo onse okhala m'munsi mwa mapiri achoke lisanalowe dzuwa. A Margret anabereka dengu nathamangira kumudzi. Nyumba yawo ili pansi pa phiri limene lili ndi mng'alu chichokereni chaka cha Freddy, ndipo m'nyumbamo munali mwana wawo Tamanda ndi khanda limene mchombo wake unali usanagwe.

Khanda la m'chikuta silituluka. Likakhudzidwa ndi munthu wotentha, amene wagona ndi mnzake, limatupa ndi kutsokomola, amati latsemphedwa. A Margret anakula akudziwa zimenezi, ndipo ankaziopa monga ankaopera phirilo. Nanga kusukulu, kumene mudzi wonse umapanikizana m'kalasi imodzi, wotentha ndi wozizira angamudziwe ndani?

Pakhomo anapeza akulu awo a Olivia akusenda chinangwa. Atamva za uthengawo, a Olivia sanakweze n'komwe mutu. Anakumbutsa a Margret za nkhuku zimene zinabedwa chaka chatha anthu akugona pasimenti popanda dontho la mvula.

"Inu a Zanyengo, kakuwireni kwina," anatero. "Mwanayu akatsokomola, mudzamuuza chiyani Tamanda? Kuti zinanenedwa ndi chitini choyandama panyanja?"

"Achemwali, mwina namondweyu akhotanso. Ine sindikudziwa. Ndikudziwa phirili."

"Ndiye amunyamule ndani? Mayi wake sangathe kukwera chitunda atanyamula."

A Margret anayang'ana pamene panali khola la mbuzi. Pamera nthochi tsopano.

"Ine. Chipitireni a Benard mphasa yanga ndi ya munthu mmodzi. M'mudzi muno mulinso wozizira kuposa ine?"

A Olivia anasiya mpeni. Onse awiri anadziwa chimene chinawaziziritsa a Margret chotero.

A Margret analowa m'nyumba. Tamanda anali atamva zonse, akulira mosatulutsa mawu. A Margret anakhuthula tiyi amene anali m'dengu, tiyi wosayezetsa wa tsikulo, nayalamo chitenje ndi bulangete, n'kugoneka khandalo. Pamwamba anaphimba ndi pulasitiki imene amavala pothyola tiyi mumvula, atasiya mpata wa mpweya. Dengulo sanalibereke kumsana ngati masiku onse. Analifungatira pachifuwa.

Atatuluka anapeza kum'mawa kwada bii, mphepo yofunda ikubwera modukizadukiza. A Olivia anali atamanga kale mtolo. Anatola chimkuzamawu chimene ankachinyoza chija, natsogola. Njira yonse ankauza aliyense wokumana naye kuti apatuke, kukubwera mwana wa m'chikuta. Amuna ankalowa m'tiyi mpaka m'chiuno, amayi ankatembenuka. Ndipo ataona kuti a Margret atulutsa ngakhale khanda losagwa mchombo, makomo amene chaka chino akanangoseka anayamba kutulutsa mphasa ndi mapoto.

Kusukulu, aphunzitsi aakulu, a Victoria, mayi wochokera kumpoto, sanafunse zambiri. Anatsegula kachipinda kosungiramo mabuku nati Tamanda ndi mwana akhale mmenemo okha. A Olivia anakhala pakhomo pake ngati mlonda.

A Margret anaika khutu pachifuwa pa khandalo. Linkapuma bwino. Koma ankadziwa kuti sabata yonse ikubwerayi adzamvetsera mpweya umenewu, ndipo likadzangoti kho, dzina lotchulidwa lidzakhala lawo.

Madontho oyamba anagunda malata, akuluakulu ngati nyemba. Kumtunda kwa phiri kunali nyumba zina kumene uthenga unali usanafike. Anasolola chimkuzamawu m'manja mwa akulu awo, navala malaya achikasu aja.

"Musadzere kumng'alu," anatero a Olivia, osawayang'ana.

Njira yopita kumtundako ndi imodzi yokha, yodzera kumng'aluko. A Margret anafunda chitenje kumutu, nalowa mumvula.