Mpeni wa Dzanja Lamanzere

Ndikakumbukira a Zuze, ndimamva fungo la makala a tsanya litasakanikirana ndi utsi wa mlamba, chifukwa chisakasa chawo chosuliramo zitsulo chinali kuseri kwa mpanda wathu wa bango, pafupi penipeni ndi pamene azakhali ankawambira nsomba. M'mawa, dzuwa la kuchigwa kuno lisanayambe kutipsereza, mvukuto wawo unkayamba kupuma ngati ng'ombe yotopa, kenako nyundo inkagwa pa chidutswa cha njanji, ngwe! ngwe! ndipo ine ndinkasesa pabwalo motsatira kulira kwakeko. Sanali m'bale wathu. Anali nkhalamba yoyandikana nafe basi, yowonda, ya zipsera za moto m'mikono monse, koma ndinkawaitana agogo.

Ntchito yawo inali mipeni. Ankatola masipuling'i a magalimoto akufa n'kuwasandutsa mipeni imene amayi ong'amba nsomba m'madooko a ku Elephant Marsh ankaidikira ngakhale mwezi wathunthu. Mpeni wawo ankaunola mbali imodzi yokha kuti uziyenda motsamira fupa la msana wa mlamba, nsomba n'kutseguka bwinobwino popanda mnofu wotsalira pafupa. Asanayatse moto, ankapatsa munthu dongo lofewa kuti afinye m'dzanja, ndipo chigwiriro ankachisema motsatira mmene zala zadindira. Zonsezi anaphunzira kwa a Meke, mmisiri wa kutsidya ku Mozambique amene anamwalira ine ndisanabadwe, koma dzina lawo linkatchulidwa m'chisakasamo tsiku lililonse ngati angotuluka kumene.

Chodabwitsa n'chakuti a Zuze ankadya ndi dzanja lamanja, ankapereka moni ndi lamanja, koma nyundo ankagwira ndi lamanzere. Anthu akawafunsa, ankayankha kuti, "A Meke anali amanzere. Ine ndinaphunzira ndi maso. Iwo azimenya chonchi, ine ndizimenya mwina, ndine yani?"

Inenso ndinabadwa wamanzere, ndipo kwathu umenewo unali mlandu. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, abambo ankadula nzimbe kuesiteti, choncho amene ankandilera anali mlongo wawo, azakhali a Fanita, ogulitsa nsomba zowamba. Sindingawanamizire kuti ankandimana chakudya, ayi. Koma dzanja langa lamanzere ankadana nalo ngati linawabera.

"Dzanja la kuchimbudzi limenelo!" ankatero. "Udzapereka nalo madzi kwa apongozi ako? Adzakubweza tsiku lomwelo, manyazi n'kukhala anga. Kuwongola mtengo n'poyamba."

Pakudya ankalimangirira m'chiuno ndi kansalu. Pong'amba nsomba ankalimasula chifukwa pamafunika manja awiri, koma mpeni unkayenera kukhala kumanja. Ndikangousinthira kwinaku, bango pa msana. Aliyense amene anagwirapo mlamba wauwisi akudziwa kuterera kwake. Ndiye taganizani mwana akuupanikiza ndi dzanja lanzeru, mpeni uli m'dzanja losamva. Zala zanga zinkakhala zomangidwa tinsanza chaka chonse, ndipo azakhali ankati ndine waulesi.

Tsiku lina anandituma kukapala moto kwa a Zuze. Anayang'ana tinsanzato, kenako mwadzidzidzi anandiponyera bwemba. Ndinaliwakha ndi lamanzere ndisanaganize n'komwe, ndipo ndinachita mantha ngati andipeza ndikuba.

"Ukubisa ninji?" anaseka. "Bwera nalo kuno dzanjalo, Lusiya. Finya dongo ili."

Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angagwire dzanja limenelo osalimenya. Analitembenuza, nayeza kutalika kwa zala ndi kaudzu, n'kundiuza kuti ndipite moto usanazime.

Mpeni umene anandisulira, a Zuze anandipatsira pa mpanda, tsiku limene azakhali anapita kumsika ku Bangula atandisiyira dengu la mlamba. Unali waufupi, wa chigwiriro chakuda, wonoledwa mbali inayo, yosiyana ndi mipeni yonse ya m'mudzimo. Nditaulowetsa m'nsomba yoyamba unangoyenda wokha, ndipo ndinaseka ndekha pabwalo ngati wamisala. Dengu lonse linatha, n'kungotsala nsomba imodzi, mthunzi usanachoke pakhonde. Chibadwire ndinali ndisanamvepo kuti ndine munthu wodziwa ntchito.

Azakhali atabwera anayang'ana nsombazo n'kufunsa amene wandithandiza. Ndinawauza monyadira kuti palibe, ndipo mwa uchitsiru wa ubwana ndinatenga nsomba yotsalayo kuti ndiwaonetse mmene ndimang'ambira. Sanaone nsomba. Anaona dzanja. Anandilanda mpeni n'kupita pa mpanda akukuwa, anthu a nyumba zina mpaka kutuluka.

"A Zuze! Mwana ndikulera ine kapena inu? Ine ndikuwongola, inu mukukhotetsa?"

A Zuze anatuluka ali ndi mbaniro m'manja. "Pepani mayi, sindinanyoze nyumba yanu. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe. Taonani zala zakezo. A Meke ankati mpeni ndiwo umatsata dzanja, dzanja silitsata mpeni."

"A Meke anuwo adzamukwatira ndi iwo?"

"Nkhabe, ayi mayi. Koma zala zikatha, adzapereka ndi chiyani madzi kwa apongoziwo?"

Azakhali anabwerera m'nyumba ndi mpeniwo, ndipo ine ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Mpeni sanautaye, poti iwo chinthu chabwino sankataya. Tsiku la msika lotsatira anapita nawo kwa mnyamata wina wonola zikwanje ndi mwala wozunguza ndi njinga, namuuza kuti aunole mbali inayonso. Anabwera nawo ukunyezimira, wopyapyala ngati lezala.

"Nawu mpeni wako," anatero. "Tsopano wakhala wa anthu. Gwira ndi dzanja lakudyera."

Mpeni wonoledwa konsekonse sutsamira fupa. Umapita kumene wafuna. Sabata yomweyo unadumpha pa mutu wa mlamba n'kulowa m'chala changa chamkombaphala cha kumanzere, mpaka ndinaona choyera mkati. Chipatala chinali kutali, nsomba zinali pamoto, ndiye anangothirapo mchere n'kumanga. Bala linapola, koma chalacho sichinapindikenso. Mpaka lero chimangoloza kutsogolo.

Chimene chimandiwawa kwambiri si chalacho. Abale atakhala pansi, abambo aakulu anagamula kuti wolakwa ndi a Zuze, chifukwa mpeni unachokera kwa iwo ndipo anapatsa mwana wa eni osapempha. Palibe anafunsa kuti anaunolanso ndani. Palibe anafunsa kuti unali m'dzanja liti, kapena analamula ndani kuti ukhale m'menemo. Ine mwini chala ndinali pomwepo, koma mwana salankhula pa akulu. Nkhalamba imene inali yokhayo yondimvera chisoni m'mudzi monse anaiuza kuti ibweretse nkhuku yopepesera, ndipo azakhali, amene ananola mpeniwo, ndi amene anaikonza nkhukuyo n'kuithira tomato.

A Zuze anabwera nayo okha, atavala malaya awo a kutchalitchi. Anagwada, napereka ndi manja awiri. Kenako anapempha kuti aone mpeniwo. Anauyang'anitsa pa dzuwa, nayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake.

"Chigwirirochi n'changa," anatero motsitsa mawu. "Koma uwu si mpeni wanga."

Abambo aakulu anati mlandu watha, tisautse zakale. Ine ndinakana ndiwo tsiku limenelo, ndipo anandimenyanso chifukwa cha mwano.

Kuyambira pamenepo anandiletsa kupala moto kwa a Zuze. Ndinkangomva nyundo kuseri kwa mpanda. Dzanja lamanzere ndinalisiya ndekha, osatinso chifukwa cha bango, koma chifukwa silinkagwiranso mwamphamvu. Lamanja linaphunzira mokakamizika, monga amaphunzirira bulu kukoka ngolo. Ndimalemba nalo mokhotakhota, ndimasoka nalo moipa, ndipo nsomba ndinasiyiratu.

Nditatsala pang'ono kukwatiwa, a Zuze anali atakalamba kwambiri, nyundo akumenya mdzukulu wawo iwo akungoloza pomenya. Anandiitana poyera, azakhali akuona, poti tsopano ndinali wamkulu. Anandipatsanso dongo. Nditafinya, panadinda zala zinayi zokha, chinacho chitaima pambali. Ndinachita manyazi n'kufuna kubwereza ndi lamanja, koma anandigwira mkono.

"Pyadidi, zili bwino choncho. Tisema mmene liliri."

Anandisulira mpeni wokhala ndi kamsana kotambalala pamwamba, pogonekapo chala chowumacho kuti chizikankha m'malo mogwira. Anati a Meke anapangirapo wotero msodzi wina amene ng'ona inamuluma. Ndinautenga ndikulira, koma nditayesa kung'amba nawo nsomba, dzanja linali litaiwala. Mpeni unali wabwino, koma ine mwini wake ndinali nditachedwa nawo.

A Zuze anamwalira chaka chotsatira. Azakhali alipo, akalamba, ndipo ndimawatumizira sopo ndi shuga monga mwana aliyense woleredwa. Koma alendo akabwera, amandilozabe monyadira n'kunena kuti, "Uyu anabadwa wamanzere, ndinamuwongola ndine." Anthu amaseka, ena amawayamikira. Ine mtima umawira, ndipo kutchalitchi akamalalikira za kukhululuka ndimangoyang'ana pansi, chifukwa munthu amene sakudziwa n'komwe kuti anandilakwira sindidziwa kuti ndimukhululukire poyambira pati.

Mpeni wachiwiriwo uli kukhitchini kwanga ku Nsanje, ndipo palibe amaloledwa kuunola. Madzulo aliwonse ndimautenga ndi lamanzere, ngakhale ndiwo zichedwe, ngakhale ana adandaule njala. Mayi wa ana akuluakulu ngati ine, imvi zayamba kale, ndikuphunzira kudula anyezi ndi dzanja limene ndinabadwa nalo.